Msana wa Amayi ndi Ndowa za ku Nkulumane

Munthu akadwala msana m'nyumba zathu kuno ku Nkulumane, mu Bulawayo, mawu oyamba amene amamva ndi akuti, "Gonani." Timamuyalira mphasa pansi, poti amati simenti imawongola msana, timamumanga chitenje cholimba m'chiuno, ndipo aliyense wobwera kudzazonda amabwereza malangizo omwewo: asadzuke, asawerame, asakhudze kanthu. Chimenechi ndi chikondi chenicheni, ndipo ine ndinakulira momwemo. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuona amayi anga, azakhali ndi anansi athu akulimbana ndi msana, ndafika pokhulupirira kuti chikondichi timachiika pamalo posayenera. Timamugoneka wodwala pa nthawi imene akufunika kuyenda, ndipo akangodzuka timamubwezera ndowa yomwe ija inamugwetsa.

Mantha athu pa msana ali ndi kochokera. Ambiri mwa ife amene tikuyankhulabe Chichewa mu Bulawayo ndife zidzukulu za amuna amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Chipata ndi ku Tete, kubwera kudzagulitsa mphamvu zawo. Ena anayenda wapansi, ena anakwera magalimoto a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ndipo pa nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inali yotseguka kwambiri. Analowa ntchito kunjanji, m'migodi ya golide, kumalasha ku Wankie, m'mafakitale a ku Belmont. Ambiri a kunjanji anakhala ku Sizinda, kumene mpaka lero umamva Chinyanja pamaliro. Ana awo ndi amene anafalikira ku Tshabalala, ku Nketa ndi kuno ku Nkulumane, malo otchedwa dzina la mwana wa mfumu Mzilikazi.

Agogo anga aamuna anali wosenza matumba pa nyumba ina yosungiramo katundu. Thumba la chimanga la masiku amenewo linkalemera makilogalamu pafupifupi 90, ndipo linkakwera paphewa la munthu mmodzi. Atakalamba ankayenda chowerama, dzanja limodzi lili kumbuyo, ndipo ukawafunsa ankangoti, "Msana unatha, mdzukulu wanga." Sindingawatsutse, chifukwa thupi linali lawo ndipo ntchitoyo inali yankhanza. Koma mawu awowo anatisiyira maganizo akuti msana uli ngati mpini wa khasu, umene umaperepeseka tsiku lililonse ukamagwiritsidwa ntchito, mpaka tsiku lina n'kuthyoka. Munthu amene amakhulupirira zimenezi akamva kupweteka amaganiza kuti mpini wayamba kung'aluka, ndiye amaopa ngakhale kutembenuka. Pamene msana ndi thupi lamoyo. Uli ndi mafupa 5 akuluakulu m'chiunomu, omangidwa ndi minyewa yolimba, okutidwa ndi minofu imene imapola ikavulala, imakhwima ikamagwira ntchito, ndipo imafooka msanga ikangosiyidwa.

Amayi msana unawagwira mu 2020. Chimenecho n'chaka chimene khonsolo ya mzinda inafika potseka madzi kwa maola 144 pa mlungu, kutanthauza masiku 6 opanda ndi dontho lomwe pampopi. Mvula inali itavuta, ndipo madamu amene timamwa, monga Umzingwane, Upper Ncema ndi Lower Ncema, anali ataphwa kwambiri. Azimayi ankadzuka kusanache kukaima pamzere kumjigo. Tsiku lina amayi akutula ndowa pakhomo anamva kubaya m'chiuno, osathanso kuwongoka. Azakhali anawayalira pansi, anawamanga, n'kuimika lamulo lakuti wina asawadzutse.

Amene anasintha zinthu ndi mayi wina wa m'Chigwirizano kutchalitchi kwathu, amene anagwirapo unamwino mpaka kupuma. Atafika sanayambe n'kulangiza, anayamba n'kufunsa. "Achemwali, munagwa? Mkodzo ukutuluka bwino? Miyendo ili ndi mphamvu zake? Thupi likutentha usiku?" Amayi atayankha zonse, iye anamasula chitenje chija n'kunena kuti, "Tadzukani pang'onopang'ono, tikafike pageti n'kubwerera." Azakhali sanakondwe. "Mukufuna muwathyole mlamu wangayu?" Koma amayi anagwira mkono wa mnzawoyo, anayenda akubuula, n'kukafika pageti. Madzulo anayendanso. Ululu sunathe tsiku limenelo, ngakhale mlungu umenewo, koma unayamba kutsika, ndipo chimene ndinaona chikuchoka msanga pankhope pawo chinali mantha.

Namwino uja sankangochita za m'mutu mwake. Mu 1995 madokotala a ku Helsinki, ku Finland, anafalitsa zimene anapeza atagawa m'magulu atatu anthu ogwira ntchito mumzindawo amene msana unali utangowagwira kumene. Ena anauzidwa kugona masiku awiri, ena kuchita mafizo, ena kungopitiriza ntchito zawo za tsiku ndi tsiku monga ululu ukuwalolera. Amene anachira msanga anali a gulu lomalizali, ndipo ogona aja ndi amene anachedwa koposa. Kuchokera nthawi imeneyo kafukufuku wambiri wabwereza zomwezo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wa m'chiuno, ndipo vutoli ndi limene likulepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa lina lililonse. Koma mwa anthu 10 alionse odwala msana, pafupifupi 9 alibe fupa lothyoka, alibe chotupa, alibe matenda oopsa amene dokotala angaloze. Ndi minofu ndi mfundo zimene zalemedwa n'kukwiya, ndipo ambiri amapeza bwino ndithu pasanathe milungu 6.

Pali chinthu china chimene ndimafuna anthu athu atachimva, chifukwa ndaona mabanja akusonkha ndalama zochokera ku Joni kuti agogo akajambulidwe, kenako n'kubwerako ndi pepala limene lawadwalitsa kuposa msanawo. Pepalalo limati mafupa aperepeseka, madisiki aphwa. Mu 2015 akatswiri anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu amene sankamva ululu uliwonse. Anapeza kuti mwa a zaka 20, anthu 37 pa 100 alionse anali kale ndi madisiki operepeseka, ndipo mwa a zaka 80 anali 96 pa 100. Onsewo anali bwinobwino. Choncho chimene chithunzi chaonetsa nthawi zambiri chimangokhala msinkhu wa munthuyo. Kujambula kuli ndi malo ake, dokotala akakayikira china chachikulu. Koma munthu amene wauzidwa kuti "mafupa anu atha" amayamba kuyenda mwamantha, kuwerama mwamantha, kenako kusiyiratu, ndipo minofu imene inkamugwira imafooka zenizeni.

Mwa zimene makolo athu ankachita, kuthowa ndiko ndimakulemekeza kwambiri. Thaulo loviika m'madzi ofunda bwino, kapena botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu, kuliika pamene pakupweteka kwa mphindi 15 kapena 20, kumamasula minofu imene yakungika, ndipo munthu amatha kudzuka n'kuyenda. Cholinga chake n'chimenecho: kuthowa kuti ayende. Kwa okalamba ndi odwala shuga, amene khungu lawo silimva kutentha msanga, madziwo ayesedwe kaye ndi wina, chifukwa ndaonapo chilonda cha moto pamsana pa gogo wina amene ankangoti sakumva kanthu. Kutikita nakonso kumathandiza, bola manja akhale ofatsa. Kuponda munthu pamsana ndi mapazi, monga ena amatumira ana, ine sindigwirizana nako. Mphini sizifika pamene pali ululu, ndipo lumo limodzi likayenda pa anthu angapo limatha kusiya matenda oposa amene linabwera kudzachotsa.

Za simenti ija, aliyense amene anagonapo pansi mu June kuno ku Bulawayo amadziwa mmene kuzizira kumalowera m'mafupa, ndipo kudzuka kuchokera pansi n'kovuta kuposa kutsika pabedi. Matiresi olimba pang'ono, osalowa pakati, ndi okwanira. Wogona chagada aike pilo kunsi kwa mawondo, wogona chammbali aike pilo pakati pa mawondo. Podzuka asadzuke njo, koma atembenukire chammbali, atsitse miyendo, n'kudzikankha ndi mkono. Namwino uja anawaphunzitsanso amayi kukokera bondo limodzi pachifuwa ali chigonere, kugwetsera mawondo onse awiri uku ndi uku modekha, ndi kugwada ndi manja pansi n'kumakweza ndi kutsitsa msana. Palibe chodabwitsa pa zimenezi. Ululu pang'ono poyenda kapena podziwongola si chizindikiro chakuti china chikung'ambika. Chofunika n'kuchita pang'ono kawirikawiri, m'malo mochita zambiri tsiku limodzi n'kugona masiku atatu.

Mapiritsi ndi amene amandidetsa nkhawa. Pamashopu pa Sekusile ndi m'misewu ya m'tauni munthu angagule ibuprofen kapena diclofenac popanda womufunsa kanthu, ndipo pali azibambo amene amameza awiri m'mawa uliwonse m'mimba muli pululu, chaka n'chaka. Mankhwala amenewa amachepetsadi ululu wa msana, koma ndi a masiku ochepa, omwera pa chakudya. Akapitirira amaboola zilonda m'mimba, amakweza BP, ndipo amawononga impso mwakachetechete. Munthu amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, mayi woyembekezera, ndiponso amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, amenenso amadalira impso, afunse kaye kukiliniki asanawayambe. Panado ndi wofatsa m'mimba, koma kafukufuku wamkulu wa ku Australia wa mu 2014 anapeza kuti sachiritsa msanga msana wongogwira kumene. Ndipo mu December 2023, WHO itatulutsa malangizo ake a msana wokhalitsa, inanena kuti malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine asamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi. Zimene inalimbikitsa ndi kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, kutikita, ndi kumuthandiza maganizo.

Za maganizozi ena amakhumudwa nazo, ngati ukuwanena kuti akunama. Ayi ndithu, ululuwo ndi weniweni. Koma ndaona ndi maso anga kuti amayi msana umawavuta kwambiri mwezi umene mchimwene wanga wa ku Johannesburg sanaimbe foni, kapena omalayitsha, onyamula katundu kuchokera ku Joni, akabwera opanda kanthu kochokera kwa iye. Munthu amene sakugona tulo, amene akuwerengera ndalama ya magetsi ndi ya sukulu usiku wonse, thupi lake limakhala lokungika ndipo ululu womwewo amaumva kawiri. M'nyumba zambiri za kuno mwatsala agogo ndi zidzukulu, a pakati onse anawoloka Limpopo. Gogo wotere ukamuuza kuti agone m'chipinda tsiku lonse, wamuchotsanso pakati pa anthu. Kupita ku Chigwirizano Lachinayi, kukacheza pamaliro, kuyenda mpaka kumashopu, zonsezi ndi mbali ya mankhwala ake. Mu 2024 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti anthu amene anachira msana n'kuyamba kuyenda mwadongosolo masiku ambiri pa mlungu ankatha nthawi yaitali pafupifupi kawiri vutolo lisanabwerere, poyerekeza ndi anzawo amene sanatero. Kubwerera kumabwerera ndithu kwa ambiri, ndipo ndi bwino kudziwiratu, kuti likabwera munthu asaganize kuti zonse zagwa.

Odwala msana chifukwa chokhala pansi aliponso: oyendetsa makombi, azimayi ogulitsa tomato amene amakhala pakreti kuyambira m'mawa, ndi oyenda pabasi makilomita oposa 800 kukaoda katundu ku Johannesburg. Kwa iwo nkhani ndi yaifupi. Palibe kakhalidwe kamodzi kolondola kamene kangapulumutse munthu wokhala maola ambiri osasuntha. Aimirire, ayende pang'ono, asinthe kakhalidwe.

Koma pa madzi m'pamene mtima wanga uli. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu kapena padzanja. Munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 patsiku kuti amwe, aphike ndi kusamba pang'ono. Banja la anthu 6 ndiye makilogalamu 120 tsiku lililonse, osawerengera ochapira ndi othira kuchimbudzi, popeza zimbudzi zathu ndi zamadzi. Katundu ameneyu amaposa thumba lija agogo ankasenza, kungoti amabwera m'zidutswa, ndipo palibe amene amamulipira womusenzayo. Mu 2024 chilala chinabweranso ndipo mipopi inaumanso masiku ambiri pa mlungu. Maganizo okatenga madzi ku Zambezi anayamba mu 1912, ndipo tonse tikuyembekezera damu la Gwayi-Shangani ndi mtima umodzi. Koma misana ya amayi athu ikusenza lero.

Ndiye funsani kuti m'nyumba mwanu amatunga ndani. M'nyumba zambiri zimene ndikudziwa ndi mayi wa zaka 50 kapena 60, ndi mtsikana wamng'ono amene akupita naye. Anyamata a zaka 18, a mapewa otakata, ali pakona kapena pafoni, chifukwa tinawalera tikuti kutunga madzi ndi kwa akazi. Mnyamata yemweyo amakankha wilibala ya zigubu akamagulitsa madzi kwa anansi, koma kutungira nyumba ya kwawo amaona ngati n'kudzichotsa ulemu. Ine izi zimandipweteka kwambiri. Sitingathe kumuthowa mayi usiku n'kumuonerera m'mawa akupinda nkhata. Mayi akagwa timasonkhana, timapemphera, timagula mapiritsi, koma pamene tinafunika kuthandiza ndi pamene anali chiimire.

Kwathu zinthu zinasintha motere. Mwana wa mchimwene wanga anapatsidwa wilibala ndi zigubu, ndipo ntchito ya kumjigo inakhala yake popanda kukambirana kwina. Amayi sitinawaletse kupita, chifukwa kumjigo n'kumene amamva nkhani za mumsewu wathu, koma amanyamula kachigubu ka malita 5 n'kumayenda pambali pa wilibala. Beseni lochapira linachoka pansi n'kukwera patebulo lakale panja, kuti asamachape chowerama kwa ola lathunthu. Tsache lalifupi la panja tinalimangirira ku ndodo. Pakafunika kunyamula ndowa m'nyumba, madzi amagawidwa m'ndowa ziwiri zosadzaza, imodzi dzanja lililonse, ndipo ponyamula amaiyandikiza kuthupi, osapotoloka ali nayo m'manja. Kuwerama sitinawaletse. Msana unapangidwa kuti uziwerama, ndipo amayi amalimabe ndiwo zawo zamasamba kuseri kwa nyumba. Chimene tinachotsa ndi katundu wolemera wobwerezabwereza pa thupi lotopa kale. Azakhali, amene poyamba anakana zoyendazi, masiku ano ndi amene amabwera kudzawatenga madzulo kuti azungulire mpaka ku Nketa.

Zonsezi ndi za msana wamba. Mafunso aja namwino anayamba nawo anali osiyanitsa msana wamba ndi umene suyenera kusungidwa panyumba, ndipo pa anthu athu kusiyanitsaku n'kofunika kwambiri. Chifuwa chachikulu sichikhala m'mapapo mokha. Chimalowanso m'mafupa a msana, monga dokotala wa ku London, Percivall Pott, anafotokozera mu 1779, ndipo nthawi zambiri munthuyo satsokomola n'komwe. Amene ali ndi HIV, ndi amene anagwirapo ntchito m'migodi n'kupuma fumbi la miyala, ali pangozi yaikulu. Ululu wake suchepa munthu akagona, umakula usiku, umapitirira milungu ndi miyezi, ndipo umabwera ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Ukachedwa fupa limaphwanyika, pamsana pamatuluka linunda, miyendo n'kufa. Ukapezeka msanga umachira ndi mankhwala a TB. Ndikaganiza za amuna a m'badwo wa agogo anga amene ankangoti msana unatha, ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo amene anali ndi matenda ochiritsika.

Chimodzimodzi bambo wachikulire amene msana ukumupweteka mosalekeza, akuwonda, ndipo mkodzo ukumuvuta: khansa ya prostate imakonda kuthawira m'mafupa a msana, monganso khansa ya m'mawere kwa amayi. Gogo amene wagwa, ngakhale kugwa kwake kuoneke kochepa, akaonedwe, chifukwa mafupa a okalamba amaphwanyika mosavuta. Ululu wa m'mbali cham'mwamba mwa chiuno, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuwotcha pokodza, ungakhale wa impso. Ndipo msana uliwonse umene wadutsa milungu 6 osasintha, kapena ululu wotsikira kumwendo umene ukukulirakulira, upite kukiliniki, kumene angamutumize munthu kwa a mafizo ku chipatala cha Mpilo kapena cha UBH.

Pali chimodzi chokha chimene sichidikira n'komwe kuti kuche. Munthu wodwala msana akayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka osazimva, akachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kapena miyendo yonse iwiri ikamafooka, ndiye kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana yapanikizika. Izi n'zosowa, koma kuchedwa kwa tsiku limodzi kungamusiye munthu wolumala moyo wake wonse. Anthu athu, makamaka achikulire, sanganene zotere kwa mwana wawo chifukwa cha manyazi, choncho pafunika munthu woyenera, mlamu kapena mnzawo wa msinkhu umodzi, awafunse mosabisa. Akavomera, musathowe, musamange chitenje, musadikire ndalama ya ku Joni. Gogodani kwa mnansi amene ali ndi galimoto, mupite nawo ku Mpilo usiku womwewo.